Kope la Bizwell ndi Wotchi ya Apongozi

Makiyi a lole Bizwell analandidwa Lachisanu masana, pa Nsipe, anthu akuona. Amayi ogulitsa tomato ndi kachewere m'mbali mwa msewu anasiya kuitanira malonda n'kutchera khutu. Madalaivala anzake awiri anali pomwepo, akunamizira kuyang'ana matayala.

Amene anamulanda makiyiwo anali mwini lole, Mayi Thokozile, mzimayi wa malole atatu amene chibadwire sanaphunzirepo kunong'ona.

"Ulendo wa tsiku limodzi inu mwauyenda masiku atatu," anatero mayiwo. "Kachitatu tsopano. Kuchoka ku Bwanje kukatula mpunga ku Lilongwe, masiku atatu? Mukuchita matola ndi galimoto yanga, a Bizwell. Bweretsani makiyi."

Bizwell anapereka makiyiwo ndi manja awiri. Anatenga jekete lake ndi botolo la madzi m'galimoto muja, n'kukaima tsidya lina la msewu kudikira minibasi.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, makamaka inu amene laisensi yanu ikadali yatsopano m'thumba, dziwiranitu chinthu chimodzi. Bizwell anali asananyamulepo munthu kapena thumba la wina mobisa, ngakhale kamodzi. Dizilo sanagulitsepo ngakhale dontho. Chimene chinamugwetsa sikunali kuba ayi. Anali manyazi, ndipo akuluakulu ananena kale kuti manyazi anapha lambe.

Asanagwire chiwongolero, Bizwell anapalasa kabaza zaka zisanu ndi zinayi ku Bwanje. Amene mukukudziwa kutentha kwa kuchigwa kuja mukumvetsa zimene ndikunena. Ankamangirira matumba awiri a mpunga pa njinga, nthawi zina atatu, n'kumakankha mumchenga thukuta likulowa m'maso. Lole ikamudutsa n'kumuthira fumbi, iye sankatukwana ngati anzake. Ankaiyang'ana mpaka itazimiririka.

Ndalama ya sukulu yoyendetsa galimoto anaisonkhanitsa zaka zinayi. Mayeso analephera kawiri. Kachitatu anakhoza, ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo Mayi Thokozile anamulemba ntchito moyeserera. Malipiro ake anali a pa ulendo. Ukatula katundu walandira, galimoto ikaima nawenso waima.

Tsono Bizwell anali mkamwini. Anakwatira Mervis n'kumanga nyumba pakhomo pa makolo a mkaziyo, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Tisunge. Bambo ake a Mervis anali a Fanizo, wapampando wa kalabu ya alimi a mpunga, omwenso ankayang'anira kagawidwe ka madzi m'chigawo chawo cha sikimu ya ulimi wothirira. Munthu wamtali, wosaseka wamba, wovala wotchi yachitsulo imene lamba wake anali atamangidwa ndi kawaya. Wotchi imeneyo inkaopedwa kuposa mwini wake. Madzi akatsegulidwa kupita m'munda mwa munthu, a Fanizo ankayang'ana pamkono n'kulemba. Ukapitiriza mphindi khumi, chindapusa. Sankaona nkhope, ngakhale mlongo wawo weniweni anamulipitsapo.

Bizwell ankawalemekeza apongozi akewo monga mwambo umafunira. Akakumana nawo panjira ankapatuka n'kuvula chipewa. Kuwayang'ana m'maso, ayi. Mawu ambiri pakati pa awiriwa ankadzera mwa Mervis, ngakhale onse ali pabwalo limodzi.

Mkamwini atayamba ntchito ya lole, a Fanizo ananyada kwambiri. Anauza kalabu yonse kuti vuto la mayendedwe latha, galimoto ili pakhomo. Ndiye mpunga ukangoyamba kuuma, ankaimbira foni Mayi Thokozile kuti katundu wakonzeka. Bizwell ankafika m'mamawa n'kupeza mpunga uli mbwee pa malona, matumba sanagulidwe, osoka matumba sanauzidwe, sikelo ili kwa munthu wina kutsidya. Galimoto inkaima pansi pa mtengo wa mango tsiku loyamba, lachiwiri, n'kudzapakira lachitatu.

Pamudzi panalibe amene ankaona kuti pali kudikira. Munthu ali kwawo angadikire? Akudya pakhomo pake, akugona m'nyumba mwake, mwana wake akusewera pa tayala. Anthu ankati mkamwini wapuma.

Akafika ku Nsipe n'kufunsidwa chimene chamuchedwetsa, Bizwell ankapeka bodza. Kutchula apongozi kwa bwana kunali ngati kuwavula pagulu. Ulendo woyamba anati msewu unali woipa. Wachiwiri anati tayala linaphwa. Wachitatu anatinso msewu, osadziwa kuti dalaivala mnzake anali atadutsa komweko dzulo lake, msewu uli bwinobwino. Mayi Thokozile ataimbira a Fanizo, anayankhidwa kuti, "Galimoto inabwera, tinapakira, inanyamuka." Zonsezo zinali zoona. Za masiku sanafunsidwe, ndipo iwonso sanaone chifukwa chozinenera.

Umu ndi mmene munthu wosaba anagwidwira bodza n'kutchedwa wakuba.

Mbiri yoipa siikwera minibasi, koma inafika ku Bwanje iye asanafike. Lolemba lake Bizwell anatulutsa njinga yake yakale, kupopa matayala, n'kubwerera pa siteji ya kabaza. Anzake anamulandira ndi manja awiri komanso ndi pakamwa. "A dalaivala abwerera! Lero muyenda pa giya yanji?" Iye ankaseka nawo, koma mumtima munali mukuwawa.

Chimene chinamupweteka kwambiri chinali cha apongozi. A Fanizo anaimva nkhani ya matola ndipo anaikhulupirira. Anaitana mwana wawo n'kumuuza kuti, "Amuna ako atichititsa manyazi. Ine ndimalipitsa anthu chifukwa choba madzi, pamene m'nyumba mwanga muli woba galimoto ya eni ake." Kuyambira pamenepo, Bizwell akapatuka panjira n'kuvula chipewa, a Fanizo ankangodutsa.

Mervis sanali munthu wopusitsika. Tsiku lina masana, mwamuna wake akukonza tcheni cha njinga kuseri kwa nyumba, anakhala pambali pake n'kuyamba kuwerenga pa zala.

"Bambo a Tisunge, maulendo atatu onse aja munagona pano. Matolawo munkachita nthawi yanji? M'maloto?"

Bizwell anapitiriza kupaka girisi.

"Ndiye kuti mwasankha kutchedwa wakuba kusiyana n'kunena kuti bambo anga amachedwetsa galimoto?"

"Ndi apongozi anga, amake Tisunge."

"Ndikawauza ineyo."

"Ayi. Mukatero ndiye kuti ndawasumira kwa mwana wawo. Zisiyeni."

Mervis analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope latsopano limene anagulira mwana, lamasamba makumi anayi, ndi cholembera. Anaziika pa chishalo cha njinga.

"Pakamwa panu paja n'polemera, chabwino. Koma dzanja lanu ndi lopepuka. Bambo anga omwewo salimbana ndi munthu pa geti ya madzi. Amangolemba nthawi imene atsegula ndi imene atseka, mwini munda n'kusayina. Inu mukulephera chiyani kulemba nthawi imene mwafika ndi imene mwanyamuka?"

Wakutsina khutu ndi mnansi. Bizwell analiyang'ana kope lija kwa nthawi yaitali, kenako analipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

Kubwerera kukapempha ntchito kwa Mayi Thokozile sikunali kophweka. Ulendo woyamba anamuuza kuti alibe nthawi. Wachiwiri anamusiya atakhala pa tayala lakutha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, osamuyang'ana n'komwe. Wachitatu anamufunsa kuti, "Kodi inu simutopa?"

"Ndinapalasa kabaza zaka zisanu ndi zinayi, mayi. Kutopa ndinakusiya kumeneko."

Anatulutsa kope lija. Anali atajambula mizere ndi rula ya mwana wake. Mzere woyamba tsiku, wachiwiri malo, wachitatu nthawi yofika, wachinayi nthawi yoyamba kupakira kapena kutsitsa, wachisanu nthawi yonyamuka, wachisanu ndi chimodzi manambala a makilomita amene akuoneka pa galimoto. Anapempha mwezi umodzi wokha. Anati paliponse pamene galimoto idzaime, adzalemba.

Mayi Thokozile analitembenuza kopelo uku ndi uku. "Kope sililankhula lokha, a Bizwell. Amalemba ndi munthu, ndipo munthu amene ananama za msewu akhozanso kunama ndi cholembera. Onjezerani mzere wina. Paliponse pamene mwaima, mwini malo asayine dzina lake. Ndikupatsani mwezi umodzi. Tsamba limodzi likabwera lopanda dzina, makiyi muwasiye patebulo, ndipo ndidzauza aliyense amene ali ndi lole kuyambira pa boma mpaka ku Balaka kuti asakuyerekezeni."

Bizwell anajambula mzere wachisanu ndi chiwiri pomwepo, atatsamiritsa kope pa bondo.

Musaganize kuti anthu amakonda kusayina. Ulendo wake woyamba unali wokatenga kachewere kumtunda, cha ku Nzama, m'mwezi wa Juni kukuzizira koopsa. Anafika 7 koloko, kachewere akadali m'nthaka, alimi akukumba. Anapakira 3 koloko masana. Atapereka kope, mwini munda anabweza manja kumbuyo ngati waona njoka.

"Ndisayine chiyani? Mukufuna kunditengera ku polisi?"

Bizwell anamuwerengera mzere uliwonse pang'onopang'ono, n'kumuonetsa nthawi pa foni. "Palibe mlandu, achimwene. Mukungovomera kuti galimoto inali pano, sinali kwina." Munthu uja anasayina, koma anayamba waitana mkazi wake kuti akhale mboni.

Ku Lilongwe, pa depoti ina yotsitsira katundu, kalaliki anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndimasayina mapepala a kampani, osati makope a ana asukulu." Bizwell sanakangane naye. Anapita kwa mlonda wa pa geti, amene anali ndi buku lake lolembamo magalimoto olowa ndi otuluka. Anayerekeza nthawi, zinagwirizana, mlonda anasayina. Kuyambira tsiku limenelo anaphunzira kuti wamkulu akakana, pali wamng'ono amene anaona zomwezo. Anaphunziranso kujambula galimoto pa foni akangofika, geti kapena chikwangwani chikuoneka kumbuyo, n'kutumiza chithunzicho kwa bwana nthawi yomweyo.

Madalaivala anzake anamupatsa dzina loti Kalaliki. Akamuona akutsika ndi kope m'manja ankakuwa kuti, "Aphunzitsi afika, imirirani!" Ena ankamuuza moona mtima kuti akudzivuta, pakuti ntchito ya lole n'kudikira ndipo palibe amene analipidwapo chifukwa chokhala pamthunzi. Iye ankangoti, "Pamthunzipo sindinadzikhazikepo ndekha."

Loweruka lililonse ankapereka kope kwa Mayi Thokozile. Sabata yoyamba analiwerenga ataimirira. Sabata yachiwiri anakhala pansi. Sabata yachitatu anatenga foni yawo n'kuyamba kuwonkhetsa. Anapeza kuti m'masiku asanu ndi limodzi galimoto yawo inaima maola makumi atatu ndi limodzi pamakomo a anthu amene anaiitanitsa okha. Anakhala chete, chinthu chimene anthu a pa Nsipe anali asanachionepo.

Kenako anatseka kope lija. "Izi ndaziona. Koma nkhani yathu sinayambire ku Nzama kapena ku Lilongwe. Inayambira ku Bwanje. A Fanizo aimba dzulo, akuti mpunga wakonzeka. Munyamuke Lachiwiri. Tsamba la ku Bwanje ndi limene ndikulifuna."

Apa ndiye panali pa mtsinje wozama. Masamba onse amene anadzaza anali opanda ntchito ngati tsamba limodzi ili libwere loyera. Ndipo dzina lofunika pa tsambalo linali la munthu amene Bizwell anali asanamuyang'anepo m'maso.

Lachiwiri anafika kukungocha. Anaimika galimoto pansi pa mango paja n'kuyang'ana pa foni. Inali 5:40. Anagwira cholembera, n'kuganiza za apongozi, n'kulemba 6:00. Manyazi satha tsiku limodzi. Anaona ngati akawachotserako mphindi makumi awirizo, mlandu wawo upepukako.

Mpunga unali pa malona monga mwa masiku onse. Lachiwiri linatha. Lachitatu matumba anabwera, koma ulusi wosokera unaperewera. Lachinayi 10 koloko m'mawa thumba lomaliza linakwera, zingwe zinamangidwa, alimi anayamba kupukuta thukuta n'kumauzana za mitengo ya ku Lilongwe.

Bizwell anapereka kope kwa Mervis kuti akawapatse bambo ake, monga mawu onse ankayendera. Pasanathe mphindi zisanu Mervis anabwera nalo losatsegula.

"Akuti mwini nkhani abwere yekha."

A Fanizo anali atakhala pampando pafupi ndi sikelo, alimi a m'kalabu oposa makumi awiri atawazungulira. Bizwell analunjika pamene anakhala apongoziwo. Atatsala mapazi angapo anavula chipewa, kunjuta, n'kuika kope ndi cholembera pa thumba lopanda kanthu limene linali pakati pawo. Maso anali pansi.

"Bambo, pepani. Ndimapempha dzina lanu apa. Ndi nthawi imene galimoto inafika ndi imene ikunyamuka."

A Fanizo sanaligwire kopelo.

"Akamwini," anatero, "masiku atatu ano mwadya mpunga wa pakhomo pano. Mwagona m'nyumba mwanu. Lero mukuti ndisayine kuti takuzunzani? Mwayamba kutiwerengera maola ife?"

Kumbuyo wina ananena chapansipansi, koma momveka, kuti mkamwini asamakule mwendo. Ena anaseka.

Bizwell ananena pambuyo pake kuti nthawi imeneyo anafuna kutola kope lake, kupepesa, n'kukafuna bodza lachinayi panjira. Koma anakumbukira makiyi aja akuchoka m'manja mwake amayi a tomato akuona.

"Bambo, ine sindinazunzike. Ndadya bwino, ndagona bwino, ndipo ndikuthokoza. Koma galimotoyi si yanga. Mwini wake amaiwerengera masiku ngati mmene inu mumawerengera madzi. Maulendo atatu aja inaima pompano, pansi pa mtengo uwu. Atandifunsa ndinanama katatu kuti dzina lanu lisatchulidwe. N'chifukwa chake ananditcha wa matola n'kundichotsa ntchito. Kachinayi sindinama. Mukakana, palibe kanthu. Mpungawu ndikatula bwinobwino, makiyi ndikawasiya, ndibwera kudzapalasa njinga yanga."

Panalibenso amene anaseka. A Fanizo anatembenukira kwa mwana wawo, amene anaima patali atagwira Tisunge padzanja. Mervis anagwedeza mutu kuvomera.

Mkulu uja anawerama n'kutola kope. Anayamba tsamba loyamba. Anawerenga za ku Nzama, za ku Lilongwe, dzina la mlonda, dzina la mlimi wa kachewere, chala chikuyenda mzere ndi mzere ngati ali pa geti ya madzi. Atafika pa tsamba la ku Bwanje anaima. Anayang'ana wotchi yawo, n'kuyang'ananso tsambalo.

"Apa mwalemba zabodza," anatero.

Anagogoda tsambalo ndi chala.

"Mwalemba kuti munafika 6 koloko. Simunafike 6 koloko inu. Ine ndinali pa ngalande kukatsegula madzi, ndinaona nyali za galimoto zikukhota, ndinayang'ana pamkono. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri." Anatenga cholembera, kudula 6:00 uja ndi mzere umodzi wowongoka, n'kulemba 5:40 pamwamba pake. Kenako anasayina dzina lawo lonse, mwa zilembo zikuluzikulu zimene zinasefukira mumzere wina.

"Mukamalemba nthawi muzilemba yeniyeni, akamwini. Musamandichotsere. Ine sindichotsera munthu." Anaika kope pa bondo. "Ndinakudutsani panjira mwezi wathunthu, chipewa chili m'manja. Wolakwa ndinali ine. Tsegulani tsamba lina, mulembe maulendo atatu aja. Masiku ake ndikuwakumbukira. Ndisayinanso."

Bizwell analemba. Misozi inagwera pa tsamba, ndipo mpaka lero inki ya pamenepo ndi yofalikira. Galimoto isanatuluke m'mudzi, a Fanizo anali atayamba kale kuimbira Mayi Thokozile, ataima poyera kuti kalabu yonse imve zimene akunena.

Loweruka lake pa Nsipe, Mayi Thokozile analiwerenga tsamba lija kawiri. Ndinanena kuti mayiwa sadziwa kunong'ona. Anatuluka panja, pamalo omwe aja analandira makiyi, n'kunena mawu amene anamveka mpaka kwa amayi a tomato tsidya la msewu. "A Bizwell si wakuba! Ndinawanamizira ndine. Amene anamva zoyamba zija amvenso izi."

Kupepesa kokha sikugula sopo, ndipo mayiwa ankadziwa zimenezo. Mwezi wotsatira anakhazikitsa lamulo pa malole awo onse atatu. Woitanitsa galimoto ali ndi maola anayi oti apakire. Akapitirira, ola lililonse amalipira, ndipo gawo la ndalama imeneyo limapita kwa dalaivala amene anakhala pamthunzi uja. Koma dalaivala wopanda kope losayinidwa alibe chake. Amene ankakuwa kuti "aphunzitsi afika" anayamba kubwera mmodzimmodzi, chamseri, kudzafunsa kuti mizere ija imajambulidwa bwanji.

Makasitomala ena anakwiya n'kupita kwa eni malole ena. Zimenezo zinachitika ndithu, sindikubisirani. Koma ambiri anatsala, chifukwa galimoto ya Mayi Thokozile ikati ifika Lachiwiri inkafikadi Lachiwiri, popeza sinkakhalanso itagwidwa pakhomo pa munthu wina.

Nanga ku Bwanje? Kalabu inang'ung'udza, inalipira kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana. Masiku ano a Fanizo saimba foni mpaka thumba lomaliza litasokedwa. Galimoto ikafika amapezeka ataima pafupi ndi mulu wa matumba, dzanja lamanzere lili m'mwamba, akuthamangitsa opakira ndi wotchi ija. Matumba mazana awiri amakwera m'maola awiri. Mervis amadandaula moseka kuti kope lake lomwe linamulanda mwamuna, pakuti kale ankagona pakhomo masiku atatu, pano amangomwa tiyi n'kunyamuka.

Bizwell akadapatukabe panjira akakumana ndi apongozi ake, ndipo chipewa amavulabe. Ulemu sunachoke. Chimene chinachoka ndi bodza. Pa sabata amayenda maulendo anayi kapena asanu m'malo mwa awiri, nyumba yake anafolera malata, ndipo njinga ija anaipereka kwa mlamu wake. Makope adzaza asanu ndi anayi. Loyamba lija amalisunga m'pulasitiki, ndipo dalaivala watsopano akalembedwa ntchito, Mayi Thokozile amamutumiza kwa Bizwell asanamupatse makiyi. Iye salankhula zambiri. Amatsegula tsamba la ku Bwanje n'kuloza pamene 6:00 anadulidwa.

Tsono inu amene mwangoyamba kumene ntchitoyi, mverani. Mudzadikira. Mudzadikira kumunda, pa depoti, pa sikelo, pakhomo pa munthu amene analumbira pa foni kuti zonse zakonzeka. Kudikirako si ulesi wanu, ndi ntchito, ndipo ntchito imene sinalembedwe imasanduka mlandu wanu. Gulani kope. Lembani nthawi imene mwafika musanatsike n'komwe m'galimoto. Pemphani dzina la mwini malo mwaulemu, ndipo akakana funani wina amene anaona. Musawonjezere ngakhale mphindi imodzi, chifukwa tsiku limene adzakugwireni kope lonse lidzafa. Musachotserenso, ngakhale amene wakuchedwetsaniyo ndi munthu amene mumamuvulira chipewa.

Mwina nanunso lero mwaima tsidya la msewu, jekete lili m'manja, dzina lanu litaipa pa zinthu zimene simunachite. Bizwell anaimapo pamenepo. Anabwerera katatu kukapempha mwezi umodzi, ananyozedwa ndi kalaliki, anasekedwa ndi anzake, ndipo pamapeto ananjuta pamaso pa munthu amene ankamuopa kuposa wina aliyense n'kunena zoona. Munthu yemweyo ndi amene anamubwezera mphindi makumi awiri zimene iye mwini anali atazitaya.

Musataye mtima, abale anga. Lembani nthawi yanu yonse, ndipo mukaipemphe mutavula chipewa koma osameza mawu.